Injini Yotchedwa Apongozi

Tsiku langa limayamba ndi mbuzi. Zilipo makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ikamakwana sikisi koloko m'mawa ndimakhala nditakama theka. Ndikamaliza ndimasefa mkaka, kuutenthetsa, kuusiya kuti ugwirane. Kenako ndimadzutsa mwana wanga Bruna, kumusambitsa, kumupatsa buledi wopaka tomato ndi mafuta, pakuti china chilichonse amalavula. Ndikamusiya kusukulu ya mkaka ndimabwerera kudzatembenuza tchizi pamashelefu, kutsuka zidebe, kusesa m'khola, kuchapa, kuyanika, kuika nyemba pamoto. Masana ndimakatenga mwana. Madzulo mbuzi zomwe zija. Loweruka pamwamba pa zonsezi pamabwera msika wa ku Ripoll. Ndiye mumvetse kuti tsiku limene apongozi anga aamuna, a Eudald, anatsitsa felemu ya njinga yamoto kuchokera kudenga la khola n'kuiimika pakati pa khonde pomwe ndimayanika zovala, ine sindinaombe m'manja ayi.

"Avi, chitsulo ichi chikhala pano mpaka liti?"

Chibadwire Bruna tonse pakhomo timawaitana Avi, agogo, ngakhale mwana wawo weniweni Aniol, mwamuna wanga.

"Mpaka Okutobala, mtsikana iwe."

"Nanga zovala za mwana ndiziyanika pamutu panupo?"

Anavula chipewa n'kundionetsa dazi. "Malo alipo, Queralt. Dzuwa limafikanso bwino."

Okutobala ndi mwezi wa mpikisano wa njinga zakale m'mudzi mwathu muno, masewera aja amene anthu akuluakulu amakwera miyala ndi kuoloka mitsinje pang'onopang'ono ataimirira panjinga, kulimbirana kuti ndani saponda pansi. Novembala unali mwezi wawo wa opareshoni ya m'chiuno. Dokotala sanawabisire: akakaika chitsulo m'fupa lija, za njinga m'miyala aiwale. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri. Anabwera kuchokera kuchipatala tsiku limenelo, anadya, m'mawa mwake n'kupempha makwerero.

Njingayo inali Bultaco Sherpa ya 1970, imene anagula ndi malipiro awo oyamba a kocheka matabwa. Zonse zinalipo, thanki, magudumu, mahandulo, kupatula chinthu chimodzi. Injini anaiphwanya okha pamwala mu 1988, mtima utawapsa anakaitaya kwa ogula zitsulo. Pakati pa felemu panali bowo loti Bruna ankadutsapo chokwawa.

Injini za Bultaco sizosowa kwenikweni. Vuto linali lamulo. M'gulu la njinga zakale kwambiri, kalabu ya m'mudzi mwathu imafuna kuti injini ikhale ya mtundu womwewo wa njingayo. Ya Avi nambala ya pafelemu imayamba ndi B-49, choncho ya painjini inayenera kuyamba ndi M-49. Ndipo amene analemba lamulolo ndi iwo omwe. Zaka makumi awiri ankakhala patebulo la pabwalo la tchalitchi ndi tochi ndi kansanza, akuyendera manambala a njinga ndi kubweza anthu. Anabwezapo mlamu wawo weniweni, ndipo Khirisimasi ziwiri banja linadya mogawikana.

Aniol amagwira ntchito yoyendetsa lole, ndipo bambo ake amawakonda mwa njira ya anthu osadziwa kunena. Anafufuza pafoni milungu itatu osauza munthu. Loweruka lina anapita ku Lleida, madzulo n'kutulukira atanyamula injini pachifuwa ngati mwana wakhanda, yopakidwa utoto wakuda, yonyezimira. Anaikhazika patebulo langa la kukhitchini.

"Avi, nayi. Mwini wake wandilumbirira kuti ndi ya Sherpa."

Avi anaizungulira kawiri. Sanayang'ane nambala. Anapempha choko cha Bruna, analemba kachizindikiro pa kagudumu ka mano komwe pamadutsa tcheni, analowetsa giya wani, n'kuyamba kupukusa injini ndi sipanala, milomo ikuwerenga. Kachizindikiro kaja katabwerera pamwamba anaima. Anayambanso. Anaimanso pomwepo.

"Wapereka zingati, mwana wanga?"

Aniol anatchula.

"Injini yabwino iyi. Ya Alpina."

"Koma zimafanana, Avi! Onani, chilichonse n'chimodzimodzi!"

"Iwenso umafanana ndi ine, koma sindingakutume kuchipatala m'malo mwanga." Anatenga mpeni wanga wosendera mbatata n'kupala utoto pambali. Inatuluka M-85. "Alpina ndi njinga yoyendera m'njira za m'mapiri, yokaonera chibwenzi kutsidya. Giya wani wake amafulumira. Ukafika pamwala iyo imafuna kudumpha, pomwe iwe ukufuna kuganiza kaye."

Aniol anaimba foni ku Lleida. Munthu uja anati iye anagulitsa zimene ankakhulupirira, ndipo kubweza ayi. Injini inakhala patebulo langa kuyambira tsiku limenelo. Tinkadyera pakona.

Lolemba ndinawaperekeza Avi kwa a Baldiri, makaniko wa m'mudzi, mnzawo wa paubwana, amenenso masiku ano ndiye amakhala patebulo lija ndi tochi. Ndinali ndi zidebe zoti andiwotcherere, apo ayi sindikanapita. A Baldiri anamva nkhani yonse akupukuta manja, kenako anatsitsa mawu ngati kuti m'galajamo munali apolisi.

"Eudald, tamvera. Eyiti ndi faifi timangopala. Zidindo za manambala ndili nazo m'kabatimu. Woyang'ana patebulo ndine. Adziwe ndani?"

"Mwala udziwa."

"Aaa, iwe, mwala uli ndi maso?"

"Ndipo mlamu wanga adzuka m'manda kudzandifunsa za Khirisimasi zake ziwiri."

A Baldiri anaseka mpaka kutsokomola. "Galu wokalamba iwe, udzafa ndi khosi louma. Chabwino. Koma M-49 suipeza kwa osunga njinga zakale, amenewo sagulitsa, amangopukuta. Zambiri zinathera kumapiri. Fakitale itatsekedwa, alimi ankagula ma Sherpa otopa pamtengo wa nkhosa, kuchotsa injini n'kuimangirira pa makina okokera chingwe. Imakoka modekha, siizimazima. Ine ndemwe ndinamangapo zitatu kapena zinayi."

"Kwa yani?"

"Zaka makumi anayi zapitazo? Dzulo lomweli ndadya chiyani sindikumbuka."

Avi anazungulira nazo milungu iwiri. Anafunsa amuna a m'bala, amuna a kalabu, amuna a kokonza mathirakitala. Aliyense ankadziwa winawake amene anali nayo kale, koma anamwalira, kapena anagula makina a magetsi. Seputembala inali kutha. Ndinkawaona m'mawa atakhala pakhonde pambali pa felemu ija, yomwe tsopano anali atailoweka matayala atsopano ndi kuipukuta mpaka kuwala, akusisita m'chiuno. Sankadandaula. Tsiku lina anangoti, "Mwina ndidzangokhala patebulo ndi Baldiri, ndizimugwirira kansanza." Zimenezo zinandipweteka kuposa akanalira.

Ine za njinga sindizidziwa, koma ndikudziwa amene amaliza makina pakhomo pamene amuna ali ku bala. Loweruka kumsika ndinayamba kufunsa azimayi a m'mabenchi. Sindinatchule Sherpa, kapena nambala. Ndinkangoti, "Ndani kumapiri kwanuko ali ndi makina akale okokera chingwe, osakanizira oyilo m'petulo, onunkhitsa tsitsi?"

Wogulitsa uchi analoza ndi chibwano. "Funsa a Remei awo, a ku Can Solei."

A Remei amagulitsa mazira ndi mbatata mabenchi atatu kuchokera pa ine. Ndi mayi wamasiye wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, wamfupi, wa manja ngati a mwamuna. Tinkangopatsana moni. Nditawafunsa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ukunena Apongozi?"

"Ayi mayi, apongozi anga ndi amene akufuna. Ine ndikufunsa za makina."

"Eya, Apongozi. Ali m'shedi kwathu. Ndawamwetsa dzulo lomweli, malita awiri."

Wogulitsa uchi anagwira m'mimba chifukwa cha kuseka.

"Malemu mwamuna wanga Fermí ndiye anawatcha choncho," anatero a Remei akuika mazira m'bokosi la kasitomala. "Ankati amang'ung'udza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, satopa, sadwala, ndipo sadzafa. Mayi anga anali moyo nthawi imeneyo. Dzinalo ankalinyadira."

"Anachokera panjinga yamoto?"

"Yofiira. Zotsala zake Fermí anapangira ngolo ya nkhuku."

Lamulungu nditamaliza kukama tinanyamuka, ine, Avi ndi Bruna kumbuyo. Aniol anali ku France ndi lole. Can Solei ili kumapeto kwa msewu wa miyala, mphindi makumi anayi kuchokera kwathu, nyumba pamwamba, munda ndi nkhalango yake pansi pa phompho loti munthu kukwera ndi katundu sungayerekeze. Titatsala pang'ono kufika Avi anandigwira mkono.

"Zimitsa galimoto."

Ndinazimitsa. Poyamba ndinangomva mabelu a ng'ombe. Kenako kuchokera kuseri kwa nyumba: du... du... du... du. Pakati pa kugunda kulikonse panali mpata woti unkaganiza kuti yazima, iyo n'kubweranso.

"Wamva?" anatero. "Zili ngati munthu wokwera masitepe ndi thumba. Limenelo ndi gudumu lolemera la m'kati. Imeneyo ndi Sherpa. Koma ma Sherpa alipo ambiri, mtsikana iwe, usasangalale."

Ndinalizanso galimoto n'kukaima pakhomo.

A Remei tinawapeza m'shedi, dzanja lili pa chitsulo cha kilatchi, maso ali kuphompho. Chingwe chachitsulo chinkazengerezeka pa mgolo, ndipo patapita kanthawi dengu lachitsulo lodzaza nkhuni linatulukira pamwamba pa mitengo, likuyenda mlengalenga mwaulemu ngati mkwatibwi, n'kudzaima pakhomo penipeni. Sipanagwe ngakhale kachikuni. Kumusi kunali mnansi wawo amene amawapakirira Lamulungu lililonse.

Injiniyo inali pa matabwa awiri a mtengo wa thundu, yokutidwa ndi phala la oyilo, fumbi la udzu ndi nthenga za nkhuku, moti sunkadziwa kuti ndi chitsulo.

"Ndinu a Eudald a tochi aja," anatero a Remei atazimitsa. "Munabweza mphwanga mu 2003."

"Njinga yanji?"

"Montesa."

"Ya thanki yobiriwira? Injini yake inali ya chaka china. Atabwera mawa ndingamubwezenso."

"Anali wabodza kuyambira ali mwana," anavomereza a Remei. "Onanitu zimene mwadzera."

Avi anayesa kugwada, chiuno chinakana. Ndinawakhazika pa mtolo wa udzu, ndinatulutsa timapepala tonyowa topukutira Bruna n'kugwada ndine. Analoza malo ndi ndodo. Kapepala koyamba kanada bii, kachiwirinso. Kachisanu ndi chimodzi kanayamba kuonetsa chitsulo choyera. Ndinamva timizere ndi chala ndisanatione.

"Pali M," ndinatero.

"Pitiriza."

"Folo."

Ndinapukutanso.

"Naini, Avi. M-49."

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anakhala choncho nthawi yaitali, akuyang'ana injini yakudayo ngati mmene amayang'anira Bruna akagona. Kenako anakonza kukhosi, nafunsa mtengo. Anatchula ndalama yoposa imene Aniol anataya ku Lleida.

"Ayi," anatero a Remei.

Anawonjezera.

"Bambo inu, mayuro sakoka nkhuni. Chipale chofewa chigwa mwezi wamawa. Nkhuni zanga zonse zili kumusi uko, udzu wa ng'ombe uli kumusi uko. Magetsi sanafike m'shedi muno. Mukufuna ndizisenza pamutu?"

Avi anagwedeza mutu kuvomereza. Anavala chipewa n'kuyamba kufunafuna ndodo. Ndinaona kuti akupita ndithu, osakakamiza, chifukwa mayiyo ankanena zoona. Ine ndinaganiza za tebulo langa.

"Mayi, kunyumba tili ndi ina. Ikungotidyera malo. Avi, mabawuti ake safanana?"

Anaima. "Amafanana."

"Ikoka ngati Apongozi?" anafunsa a Remei.

"Ndiikonza kuti ikoke choncho," anatero Avi. "Ikapanda kutero, yanu simundipatsa."

Anagwirana chanza. A Remei anatidyetsa soseji ndi nyemba zoyera, Bruna anathamangitsa nkhuku, tinabwerera dzuwa lisanalowe chifukwa cha mbuzi. Panali patatsala milungu itatu.

Lachitatu tinabweranso ndi Alpina kumbuyo kwa vani. Avi anagwira tsiku lonse atakhala pa mpando wokamira, ine ndikuwapatsira masipanala ndi kunyamula zolemera. Apongozi tinawatsitsa, kuwakulunga m'bulangeti lakale n'kuwaika m'vani. Alpina inalowa pa matabwa paja ngati inabadwira pomwepo. Inalira pa kuponda kwachitatu. Mnansi uja anapakira dengu kumusi, a Remei anamasula kilatchi.

Dengu linanyamuka ngati lalumidwa ndi mavu. Linafika pakati pa phompho likupendama uku ndi uku, zikuni zitatu zinagwera m'mitengo, ndipo pofika pamwamba linamenya mzati mpaka nkhuku zonse kubalalika.

A Remei anazimitsa. Anayang'ana dengu, anayang'ana vani, anayang'ana ndodo ya Avi.

"Ndizolowera," anatero. "Ndizipakira theka. Tengani yanuyo muzipita, masiku akutherani."

Ine makiyi anali kale m'manja. Ndikunena zoona, ndikanapita.

"Queralt, tsegula vani."

"Avi, mwini wake wanena kuti azolowera."

"Kumusi uko kumaima munthu. Chikuni chimodzi pamutu pake, azoloweranso? Tsegula."

Anafotokoza kuti pafunika gudumu la mano lalikulu pa mgolo wa chingwe kuti liwiro litsike, ndipo lotero silipezeka m'sitolo, a Baldiri achite kuitanitsa n'kulibowola. Zitenga mlungu, mwina kuposa. Ndinati chabwino, tiyeni nayoni Sherpa kunyumba muziikonza podikira. Anandiyang'ana ngati ndanena zotukwana.

"Mlungu wonse mayiyu akhale opanda chokokera? Nyengo yabwino ndi inoyi."

Tinatsitsanso Alpina. Tinatulutsa Apongozi m'bulangeti n'kuwabwezera pa matabwa awo, bawuti iliyonse, tcheni, chingwe cha mafuta. Avi anaimirira atagwira mzati mpaka dengu loyamba litafika bwinobwino. Tinanyamuka kubwerera kunyumba. Nkhope yawo inali yotuwa ndi ululu, ndipo titafika ndinachita kuwathandiza kutsika.

Aniol atamva pafoni anakalipa mpaka ndinachotsa foni kukhutu. "Anali nayo m'vani! M'vani, Queralt! Bwanji sunangoyendetsa?"

"Bwera udzawayendetse wekha bambo akowo."

Gudumu lija linachedwa. Mlungu unatha, wina unayamba. Avi ankapita kwa a Baldiri m'mawa uliwonse ngati wopita ku Misa.

"Lafika?"

"Likanafika ukanalimva, ndi lalikulu ngati mutu wako."

Pofuna kuti masiku asapite pachabe, anaitanitsiratu maring'i, magasiketi ndi timphira ta injini imene inali isanafike, n'kuziyala pa nsalu yoyera m'khonde. Anatsuka thanki katatu. Anayesa nsapato zawo zakale za mpikisano, imodzi inang'ambika, ndinaisoka ndi ulusi wa matumba.

Linafika Lolemba la mlungu wa mpikisano. Lachiwiri tinali ku Can Solei pamodzi ndi a Baldiri, amene anatseka galaja akunena kuti akufuna kuona ndi maso mkazi amene wagonjetsa Eudald. Amuna awiriwa anakangana tsiku lonse za utali wa tcheni, a Remei akuwabweretsera khofi ndi kuwauza kuti Fermí ankagwira ntchito yomweyo yekha ndi dzanja limodzi. Cha m'ma folo koloko dengu linakwera. Linayenda modekha, lodzaza mpaka pakamwa. Avi sanakhutire, anati likwerenso kawiri, ndipo kachitatu anaika chidebe cha madzi pamwamba pa nkhuni. Chinafika chitataya ngati kapu imodzi.

"Mawu ake ndi ena," anatero a Remei akumvetsera Alpina. "Awa akulongolola mofulumira."

"Ndiye muwatche Mtengwa," anatero a Baldiri akundiyang'ana ine.

"Zidebe zanga zija munawotcherera zikudonthabe, bambo," ndinawayankha.

A Remei anasisita Apongozi pamutu tisanawakulunge. "Musawathamangitse. Sanazolowere."

"Mayi," anatero Avi, "kumene akupita kulibe wothamanga."

Panatsala masiku anayi. Lachitatu anaitsegula. Ndinkayembekeza kuona zowola, koma m'kati munali moyera, chifukwa zaka zonsezo injiniyo inkangoguguda pang'onopang'ono pansi pa denga, ndipo a Remei oyilo sankaumira. Anasintha maring'i ndi timphira. Kunja ndinakwecha ine ndi palafini ndi mswachi wakale pakati pa kukama kwa m'mawa ndi kwa madzulo, fungo lake linandikhala m'zala mlungu wathunthu moti tchizi ankatembenuza Aniol, amene anali atabwera Lachinayi. Sanapake utoto. Avi anati nthawi palibe, komanso nkhalamba siidzola.

Lachisanu masana inalowa m'felemu. Aniol ndiye anaponda, pakuti mwendo wa Avi anafuna kuusungira Lamulungu. Kasanu, kasanu ndi kamodzi, kenako utsi wabuluu unadzaza khonde. Avi anaisiya kuti itenthe, anakhudza kasikuluwu ka pakabureta mpaka kulira kunatsika kufika pa du... du... du kuja. Ndiye anachita chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Anapatsa Aniol ndodo, anaima pambali pa njinga, analowetsa giya wani, anamasula kilatchi pang'onopang'ono, n'kuyamba kuyenda nayo pabwalo atagwira handulo, osakhudza mafuta. Njinga inkadziyendera yokha, iwo akutsimphina pambali pake. Sinawasiye m'mbuyo. Anafika pachitsime, anakhota, anabwerera.

"Kale tinkayesa choncho," anatero. "Ikakupitirira, si ya miyala."

"Kale simunkatsimphina, Avi," anatero Aniol.

"Ndiye mayeso a lero ndi ovuta kuposa akale. Yakhoza."

Loweruka sindinapite kumsika. Anayeserera ola limodzi pa miyala ya kuseri kwa khola, ine ndi Aniol tili mbali iyi ndi iyo ngati ophunzitsa mwana kuyenda, mpaka anatithamangitsa.

Lamulungu pabwalo la tchalitchi panali njinga zoposa makumi asanu ndi limodzi, koma m'gulu la Avi zinali khumi ndi zinayi. A Baldiri anali patebulo. Avi anakankha njinga n'kuima pamzere ngati wina aliyense. Itakwana nthawi yawo a Baldiri anavala magalasi, anayatsa tochi dzuwa likuswa mtengo, anagwada, anapukuta ndi kansanza, anawerenga ya pafelemu, anawerenga ya painjini, anabwerezanso.

"Dzina?"

"Ukufuna ndikumenye ndi ndodoyi?"

"Bambo Ukufuna Ndikumenye, B-49, M-49. Pitani."

Anthu a pamzere anaomba m'manja. Ena mwa iwo ndi amene anabwezedwapo patebulo lomwelo.

Ine ndi mwana m'manja sindikanatha kutsatira malo onse asanu ndi atatu opikisanirapo. Ndinasankha a pamtsinje kumusi kwa manda, pomwe njira imalowa m'madzi, kukwera miyala itatu yoterera, n'kukhota mwadzidzidzi pakati pa mitengo iwiri. Ndinaona anyamata a zaka makumi anayi akulowa ndi phokoso, kudumpha mwala woyamba, n'kupalasa ndi miyendo yonse pa wachiwiri. Avi atafika anatsika kaye, anayenda malo onsewo ndi ndodo ya munthu wina, anagwedeza mwala umodzi ndi phazi, anabwerera. Kukwera panjinga kunawatengera nthawi, Aniol anachita kuwanyamulira mwendo. Koma ataimirira pa zopondera, chiuno chija sichinaonekenso.

Analowa m'madzi pang'onopang'ono moti ndinkatha kuwerenga masipoko. Pa mwala woyamba injini inati du, n'kukhala chete, kenako du, gudumu lakutsogolo lili pamwamba. Wachiwiri chimodzimodzi. Pa wachitatu lakumbuyo linaterera, thupi lawo linapendekera kumanzere, phazi linachoka pa chopondera n'kulendewera pamwamba pa madzi. Linakhala m'malere momwemo, injini ikuguguda pansi pawo osafulumira, osazima, mpaka njinga inadziwongola. Anabweza phazi. Anakhota pakati pa mitengo ija ngati akulowa m'khitchini mwawo. Woyang'anira malowo anakweza chibakera m'mwamba, kutanthauza kuti palibe chilango.

Kumbuyo kwanga wina anaimba mluzu wa zala ziwiri, woitanira ng'ombe. Anali a Remei, atavala jasi la kutchalitchi.

Malo enawo sizinayende choncho. Anaponda pansi kambirimbiri, ndipo pa malo achisanu ndi chimodzi anagwa n'kusupuka chigongono. Kuzungulira kwachiwiri Aniol anawapempha kuti alekere pomwepo, iwo anamufunsa ngati walembedwa ntchito ya udokotala. Anamaliza cha m'ma thu koloko, omalizira kubwera pabwalo, milomo itayera. Pa anthu khumi ndi anayi anakhala nambala leveni. Pepala la zotsatira analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. Pa chakudya cha kalabu anadya mbale ziwiri, kenako anagona pampando.

Opareshoni inachitika pa 12 Novembala ndipo inayenda bwino. Panopa akuyenda ndi ndodo ziwiri, akuti pofika Isitala ikhala imodzi.

Zonse zinatidya motere. Alpina ya ku Lleida, mayuro 650. Gudumu la mano ndi tcheni cha ku Can Solei, 95, a Baldiri ntchito yawo sanalipiritse. Maring'i, magasiketi ndi timphira, 140. Matayala awiri, 180. Kulembetsa mpikisano ndi chiphaso cha tsiku limodzi, 55. Dizilo wa maulendo a kumapiri ndi wa ku Lleida, 70. Pamodzi mayuro 1,190. Kuwonjezera apo, msika wa Loweruka limodzi umene sindinapite, bulangeti limodzi, ndi tchizi zinayi zazikulu zimene ndinapatsa a Remei, pakuti ndalama anakana mpaka mapeto.